Thiraki yozima sinafe: mmene timamasulira zitsulo zolemera m'magalaja a ku Joni

Mnyamata akangofika kuno ku Joni kuchokera kumudzi, n'kupeza ganyu pa galaja ya mathiraki ku City Deep, ku Wadeville kapena ku Alrode, ntchito yoyamba imene amamupatsa ndi yomasula. Amamuponyera sipanala m'manja n'kumulozera kunsi kwa hosi, mutu wa thiraki umene umakoka thirela, kuti achotse chakutichakuti. Maganizo a anthu ambiri, ngakhale mabwana ena, ndi akuti kumasula ndi ntchito ya mwana, ukatswiri uli pomanga. Ine ndakhala zaka zambiri ndi girizi m'zikhadabo ndipo ndimaziona mosiyana. Pomanga umakhala ndi buku, manambala ndi zitsulo zoyera. Pomasula umakumana ndi galimoto monga yachokera pamsewu, yotentha, yodzaza mpweya, mabauti ochita dzimbiri, ndipo umboni wonse wa chimene chinaiwononga uli momwemo. Ukaupukuta umboniwo ndi sanza, sudzaupezanso.

Mathiraki amene timagwira kuno si zoseweretsa. Hosi yokoka mathirela awiri malamulo a dziko lino la South Africa amailola kufika matani 56 ikasenza. Ndi omwewa mumawaona pa N3 akutsikira ku Durban, kapena pa N1 akulowera ku Musina ndi ku Beitbridge, ena mpaka ku Tete, Zobue ndi Mwanza. Tayala limodzi pamodzi ndi limu yake yachitsulo limafika makilogalamu 100 kapena kupitirira. Giyabokosi imasewera pa makilogalamu 300. Injini ya malita 13 imapitirira tani imodzi. Palibe chimene munganyamule ndi msana pamenepa n'kudzafika ukalamba muli wowongoka.

Koma kulemera ndi mdani wooneka ndi maso. Adani oopsa ndi amene sawoneka. Dalaivala akazimitsa injini n'kukupatsani makiyi, galimoto imakhala chete ngati yafa, chikhalirecho mphamvu zake zangobisala m'malo osiyanasiyana. Ntchito yomasula, kunena zoona, ndi kuzitulutsa mphamvuzo imodziimodzi, inuyo musanaikepo dzanja.

Yambani ndi kuti galimoto isagubuduke. Iime pamalo osalala ndi olimba, matayala atsekedwe ndi zipika kutsogolo ndi kumbuyo. Kiyi akhale m'thumba mwanu, osati pa dashibodi, ndipo pa chiwongolero papachikidwe chikwangwani choti wina asalize. Pa yadi yaikulu madalaivala amangolowa n'kutuluka, ndipo munthu amene wagona kunsi kwa chasi sawoneka pagalasi.

Kenako magetsi. Mathiraki akuluakulu amayendera mavoti 24, mabatire awiri a mavoti 12 olumikizana. Mavoti amenewa sangakugwedezeni ngati magetsi a m'nyumba, n'chifukwa chake anthu amawapeputsa, koma batire ya thiraki imatha kufiiritsa sipanala m'kuphethira kwa diso. Timayamba kuchotsa waya wa negativu, chifukwa ndi umene walumikizidwa ku chasi. Mukayambira ku pozitivu, sipanala n'kukhudza chitsulo chilichonse cha galimoto, moto umathetheka pomwepo, pafupi ndi batire imene imatulutsa mpweya woyaka. Mphete ya ukwati ndi wotchi yachitsulo zivulidwe, amayi kunyumba adzamvetsa. Pa mathiraki atsopano musathamangire kudula magetsi injini ikangozima. Dikirani mphindi zingapo kuti makompyuta amalize kusunga zawo, komanso kuti dongosolo la AdBlue, madzi apadera ochepetsa poizoni wa mu utsi, limalize kudziyeretsa pa mathiraki amene ali nalo.

Mpweya ndiye nkhani yaikulu. Mabuleki a thiraki amagwira ndi mpweya wopanikizidwa m'mathanki, mwina 8 bar, mwina 10, ena mpaka 12. Tayala la galimoto yaing'ono limakhala ndi 2 bar ndi pang'ono, ndiye yerekezani nokha. Musanamasule paipi iliyonse, tulutsani mpweya pa mavalavu a kunsi kwa mathanki onse, osati limodzi, chifukwa mathankiwo ndi olekanitsidwa dala kuti lina likaboola ena asathe. Geji ya pa dashibodi ikaonetsa ziro sizitanthauza kuti paliponse mwatha. Ndipo ngati galimoto imakhalira pa matumba a mpweya m'malo mwa masipuling'i, dziwani kuti mpweya ukachoka chasi imatsika. Munthu amene anali pakati pa tayala ndi madigadi, kapena pakati pa ekiselo ndi chasi, amapanikizidwa pomwepo popanda phokoso lililonse.

Pali chitsulo china chimene ndimafuna wophunzira aliyense achiope asanachidziwe bwino, busita ya mabuleki a kumbuyo. Imaoneka ngati miphika iwiri yovundikirana. Mumphika wakumbuyo muli sipuling'i yaikulu yofinyidwa ndi mphamvu yofika pafupifupi tani imodzi. Mpweya ukakhalamo umaikankha sipuling'iyo ndipo matayala amazungulira. Mpweya ukachoka, sipuling'i imatambasuka n'kugwira mabuleki. Ndiye handibuleki ya thiraki imeneyo, ndipo n'chifukwa chake thirela ikaduka mapaipi imaima yokha. Kuti muchotse busita kapena dilamu, sipuling'iyo iyenera kumangidwa kaye ndi bauti yake yapadera, imene pa mabusita ena imakhala kale pakati kumbuyo ndipo pa ena imasungidwa m'kathumba ka m'mbali. Mukangoimanga, tayala limenelo lilibenso buleki, apa m'pamene zipika zija zimagwira ntchito yake.

Tsiku lina m'nyengo yozizira ndinapeza mnyamata wina wa kwathu, wangotha milungu iwiri chifikire, atagwada ndi tchizulo ndi hamala, akugogoda lamba wachitsulo wa mphika wakumbuyo uja. Ankafuna aone chili m'kati. Mdala wina wa ku Mangochi amene anatiphunzitsa tonsefe ntchito anali akumwa tiyi chapatali. Sanakuwe. Anaika kapu pansi, n'kuyenda pang'onopang'ono mpaka kumugwira dzanja la hamala.

"Mwanawe, ika pansi. Ima uku, usaime kutsogolo kwake."

"Bambo, ndimangofuna ndione ngati labala yang'ambika."

"Labala imeneyo siili mbali iyi. Mbali iyi muli chinthu chimene chikatuluka, amako adzalandira bokosi pa Mwanza."

Anainyamula busitayo mosamala ngati dzira, n'kukaiika pakona itayang'ana kukhoma. Mbali ya sipuling'i sitsegulidwa ndi munthu, opanga ake amaitseka mokhomerera dala. Ikawonongeka imasinthidwa yathunthu.

Zamadzimadzi nazo zili ndi ukali wake. Chivindikiro cha madzi a rediyeta sichitsegulidwa injini ili yotentha, izi aliyense amadziwa ngakhale ambirife tili ndi zipsera. Chimene ambiri sadziwa ndi dizilo wa m'mainjini atsopano. M'paipi imene imagawira mainjekita, tizitsulo topopera dizilo mu injini, dizilo amapanikizidwa mpaka 2,000 bar kapena kupitirira. Oyilo wa hayidiroliki wa matipa ndi makatapila nayenso amafika mabar mazanamazana. Kabowo kakang'ono ngati ka singano kamatulutsa mafuta amene amaboola khungu n'kulowa m'nyama. Pakhungu pamangooneka kadontho ngati walumidwa ndi udzudzu, munthu n'kumapitiriza ntchito, mawa lake chala chatupa ndipo madokotala akukamba zochidula. Pofufuza pamene pakudontha gwiritsani katoni, osati chikhatho. Zikakuchitikirani, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo ndipo mukanene kuti mafuta alowa mopanikizidwa, musakangoti ndadzicheka. Pa makina okumba, tsitsani mkono ndi ndowa yake pansi musanazime, ndipo tulutsani mphamvu yotsala m'mapaipi monga buku la makinawo likunenera.

Chilichonse chimene chakwezedwa ndi hayidiroliki chimafuna kubwerera pansi. Bodi ya tipa ikakwera, pakhale mchirikizo wake wachitsulo musanalowetse mutu. Kebu ikamapendeketsedwa kutsogolo, choyamba chotsani katundu wa dalaivala m'katimo, chifukwa kasitovu ndi botolo la gasi zimatulukira pagalasi lakutsogolo, ndipo galasi limenelo mudzalilipira ndi malipiro anu. Ipendeketseni mpaka kumapeto, osati theka. Jeke nayenso ndi wokwezera basi. Chosenza galimoto ndi masitandi achitsulo olembedwa kulemera kumene amatha, oikidwa pa chasi kapena pa ekiselo. Njerwa ndi malimu akale osanjikiza ndimaziona m'mayadi ena a kuseri kwa tauni, ndipo ndikaziona ndimadutsa patali.

Zonsezi mwachita, koma simunamasule bauti ngakhale imodzi, ndipo kapitawo wayamba kuyang'ana wotchi. Musiyeni ayang'ane. Chotsatira ndi kutsuka. Fumbi la kuno, makamaka mwezi wa Ogasiti mphepo ikamaulutsa dothi la pa milu ya migodi yakale, limalowa paliponse. Tsukani malo onse ozungulira chitsulo chimene mukuchotsa musanatsegule, koma musanatsuke yang'anitsitsani. Mzere wa oyilo ukuchokera pati? Pali dzimbiri lofiira ngati ufa mozungulira nati? Chimenecho ndi chizindikiro chakuti natiyo inali yolefuka, ikugwedera. Jambulani ndi foni. Akuluakulu athu ankasunga zonse m'mutu, ife tili ndi mwayi wa kamera, ndipo chithunzi cha mmene mawaya ndi mapaipi anadutsira chimapulumutsa tsiku lathunthu.

Pokhetsa oyilo, musangomusiya athire mu dilamu inu muli kwina. Mugwireni ndi zala, mumununkhize. Oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka akukuuzani kuti madzi akulowa. Wonunkha dizilo akuloza kwa mainjekita. Tinyenyeswa tonyezimira ngati mkuwa ndi mabering'i akutha. Pa pulagi ya giyabokosi kapena ya difu, bokosi la magiya la pa ekiselo logawira mphamvu ku matayala, nthawi zambiri pamakhala maginito: phala losalala lakuda ndi kutha kwa masiku onse, koma zidutswa zogwirika ndi chala ndi mano a giya. Oyilo wakaleyo asungidwe m'madilamu kuti otolera adzamutenge. ROSE Foundation yakhala ikuyendetsa ntchito yotolera oyilo wotere m'dziko lino kuyambira 1994. Ngalande ya madzi a mvula imene ili panja pa galaja imakathera mu mtsinje wa Jukskei kapena wa Klip, si dzala lotayamo zinyalala.

Tsopano zizindikiro, ndipo pano ndili ndi manyazi anga. Chaka changa chachiwiri ndinachotsa giyabokosi kuti tisinthe kilachi. Shafuti yopita ku difu inali yolemera, ndiye ndinaisolola pakati pomwe imalowana, n'kuitsitsa zigawo ziwiri osaikapo chizindikiro. Pobwezera ndinangoilowetsa mmene yalowera. Galimoto inatuluka bwinobwino, koma dalaivala asanafike n'komwe ku Heidelberg, tauni ya pa N3 kufupi ndi Joni, anaimba kuti kebu yonse ikunjenjemera. Vuto linali lakuti mafoloko a kumapeto kwa shafuti ayenera kuyang'anizana mmene anaikidwira ku fakitale, chifukwa joini imodzi imathamangitsa ndi kuchedwetsa kazunguliridwe ndipo inzake imabweza. Mukaphonya ndi mano awiri okha, zimalimbana. Kadontho ka penti ka masekondi asanu kakanandipulumutsa ku ntchito ya Loweruka lonse yopanda malipiro. Kuyambira pamenepo cholembera cha penti chimakhala m'thumba la ovolosi, pamodzi ndi foni.

Lamulo lake ndi lakuti zitsulo zimene zakhala zikukhuzana zazolowerana, ndipo chilichonse chibwerere kwawo. Zivindikiro za mabering'i a kirankishafuti zili ndi manambala ndi mbali yoyang'ana kutsogolo. Ma con rod, mikono yolumikiza pisitoni ndi kirankishafuti, ambiri a masiku ano amachita kuthyoledwa ku fakitale, kotero chivindikiro chake chimagwirizana ndi mwini wake yekha. Mukasinthanitsa, kapena mukagoneka mbali yothyokayo pa simenti, mwaononga zonse ziwiri. Mainjekita atsopano ali ndi manambala amene kompyuta ya injini inawasunga pa silinda iliyonse, ndiye ya nambala 3 ibwerere pa 3. Njira yathu ndi yachikale: katoni yoboola mabowo, yolembedwa kutsogolo ndi kumbuyo, mavalavu ndi mabauti n'kumazika motsatana. Mabauti a belu ya giyabokosi kapena a pampu ya madzi amaoneka ofanana, koma ina imatalika pang'ono, ndipo yaitali ikalowa pa bowo lalifupi imang'amba aluminiyamu. Bowo lililonse la dizilo, la oyilo wa tebo kapena la hayidiroliki litsekedwe ndi kachivindikiro koyera mukangolitsegula. Sanza imasiya ulusi, ndipo m'kati mwa injekita mipata yake ndi yaing'ono kuposa tsitsi.

Muyezenso musanamasule. Kusewera kwa kirankishafuti kutsogolo ndi kumbuyo, mpata wa pakati pa mano a difu, kutuluka kwa malaina (mapaipi amene mapisitoni amayendamo) pamwamba pa buloko ya injini, zonsezi zimayezeka zitsulo zikadali pamalo. Lembani. Timashimu topyapyala ta m'difu timangidwe ndi waya mbali imene tachokera.

Mabauti samasulidwa mwachisawawa. Hedi, chivindikiro cha pamwamba pa masilinda, imamasulidwa injini itazizira, motsata ndondomeko ya m'buku, kawirikawiri kuyambira kumapeto kulowera pakati, pang'onopang'ono mozungulira kangapo, kuti isapindike. Mabauti ake ambiri amatamuka akamangidwa, ndiye ena amatayidwa ndipo ena amayezedwa utali asanabwezedwe. Pulesha puleti ya kilachi nayo imamasulidwa mopingasa, pang'ono apa pang'ono apo, chifukwa ili ndi sipuling'i, ndipo bauti yomaliza isachoke musanaichirikize, kilachi ya mamilimita 430 ikagwera paphazi nsapato yachitsulo imadandaula. Onaninso nambala ya pamutu pa bauti, imene imasonyeza kulimba kwake. Ya 10.9 siilowedwa m'malo ndi ya 8.8 ngakhale zikufanana ngati mapasa.

Bauti ikakana, chipiriro chimaposa paipi yaitali. Tsukani mazinga ndi bulashi yawaya, thirani Q20 kapena mafuta ena olowerera, pitani mukachite zina. Gwiritsani soketi ya makona 6 yokwana bwino. Nthawi zina kuimanga kaye pang'ono kumathyola dzimbiri. Kutenthetsa nati kumathandiza, ndipo sitadi yothyokera m'kati imatuluka mukaiwotcherera nati pamwamba. Koma musanalimbane ndi nati ya tayala pa Isuzu, Hino kapena Fuso zakale, yang'anani ngati pa sitadi palembedwa L. Mbali ya kumanzere ya magalimoto ena a ku Japan mazinga ake ndi obwerera, ndipo ndaonapo amuna atatu atalendewera pa paipi, akumanga nati imene ankaganiza kuti akumasula. Moto wokha usayandikire limu imene ili ndi tayala. Kutentha kumayambitsa kupsa m'kati mwa labala, ndipo tayala limatha kuphulika patapita nthawi moto mutazimitsa kale. Limu yong'aluka kapena yogawika zigawo, tulutsani mpweya wonse musanakhudze nati. Fumbi la mabuleki ndi la kilachi musaliuzire ndi kompuresa. Asibesitosi analetsedwa m'dziko lino mu 2008, koma zitsulo zakale ndi zochokera kosadziwika zikadalipo, ndipo mapapo ndi anu.

Kunyamula ndi pamene mutu umodzi susenza denga, komabe wolankhula akhale mmodzi. Giyabokosi imatsikira pa jeke wake wokhala ndi mbale, itamangidwa ndi tcheni, ndipo imasololedwa molunjika mpaka shafuti yakutsogolo itatulukiratu mu kilachi. Mukailola kulendewera pa shafutiyo, mbale ya kilachi imapindika. Pa makilachi okoka, bering'i imakhala itakolekedwa ku pulesha puleti ndipo iyenera kumasulidwa kaye, apo ayi mudzakoka mpaka madzulo. Injini imakoledwa m'makutu ake amene anaikidwira ntchitoyo, osati pa manifodi kapena pa paipi. Kwezani masentimita ochepa, imani, onani ngati yakhazikika komanso ngati palibe waya wa ethi kapena kapaipi kamene mwaiwala. Chitsulo chikakana kutuluka, pafupifupi nthawi zonse pali bauti yobisala, ndipo chibonga si yankho.

Pa matcheni pali masamu amene ambiri sawakhulupirira mpaka ataona. Matcheni awiri oimirira chilili amagawana katundu pakati. Akamatambasuka, aliyense amasenza zambiri, ndipo akafika madigiri 120 pakati pawo, tcheni iliyonse ikusenza kulemera kwa katundu yense. N'chifukwa chake injini yaitali imafuna mtanda wachitsulo pamwamba kuti matcheni aime mowongoka. Tcheni, lamba ndi shakolo zikhale ndi chizindikiro cha kulemera kumene zimaloledwa. Tcheni yomangira katundu pa thirela si yonyamulira.

Izi si nzeru za m'galaja chabe, ndi malamulo. Occupational Health and Safety Act ya 1993 imapatsa wolemba ntchito udindo woonetsetsa kuti malo ndi zida n'zosaika moyo pachiswe, ndipo imaletsa kudula malipiro a wantchito chifukwa cha zodzitetezera monga nsapato ndi magalasi. Malamulo a makina onyamulira amati matcheni ndi malamba aziunikidwa miyezi itatu iliyonse, ndipo makinawo aziyesedwa pasanathe miyezi 12. Ndikudziwa kuti ambiri a ife timaopa kufunsa, pena chifukwa cha mapepala, pena chifukwa panja pa geti pali anthu khumi ofuna malo omwewo. Koma kunena kuti "bwana, sitandi iyi yang'aluka, ndipatseni ina" si mwano. Amene akufuna kuti ntchitoyi idzamudyetse mpaka kumudzi aganizirenso za trade test, mayeso a boma a ntchito zamanja, ya umakaniko wa dizilo, imene imayesedwa m'malo ngati INDLELA ku Olifantsfontein. Kumeneko woyesa amayang'ana zipika ndi batire musanagwire n'komwe sipanala.

Mnyamata wa busita uja tikadali naye. Sabata yatha ankachotsa difu pa tipa, ine ndikumuonera chapatali. Anakhetsa oyilo, n'kuyang'ana pulagi padzuwa, n'kusolola mashafuti a m'mbali, n'kuika kadontho ka penti koyera pa fulanji. Anasiya manati awiri apamwamba atamasulidwa theka kuti difu ikamatuka isamugwere pachifuwa, n'kukankhira jeke kunsi. Kenako anatuluka, n'kuzungulira galimoto yonse akumenya chipika chilichonse ndi nsapato, ndipo atabwerera anandifunsa ngati ndili ndi katoni ina, chifukwa yake inali itadzaza.